Malo ndapeza ku sukulu ya unamwino, koma mantha andigwira

Mayi wa ku Kanyama:
Moni akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Kalata yondiitana ku sukulu ya unamwino yafika, ndiyamba mu Januwale, dipuloma ya zaka 3. Kunyumba kuli chimwemwe chokhachokha. Amalume agulitsa kale ng'ombe ku Katete kuti ya temu yoyamba ipezeke, amayi auza mpingo wonse. Ine mwini wake ndiye mtima suli m'malo. Giredi 12 ndinamaliza kalekale, pakatipa ndakhala ndikugulitsa salaula ndi kulera mwana. Masamu ndinakhoza movutikira. Chondiopsa kwambiri ndi ichi: mng'ono wanga atachekeka ndi lata ndinamuperekeza ku kiliniki, ndipo atangoyamba kumusoka ndinaona mdima. Ndinatsitsimuka ndili pansi, anthu akundikupiza ndi chitenje. Kodi munthu wokomoka ndi magazi angakhale namwino? Nanga ndikadzalakwitsa mankhwala munthu n'kufa? Ndiuzeni zoona ng'ombe ina isanapite.

Namwino wa ku casualty:
Mlongo wanga, za kukomokazo zisakubwezeni. Ophunzira ambiri amagwa tsiku loyamba ku fiyeta (kochitira opareshoni) kapena ku leba (kochilira amayi oyembekezera), ena ndi anyamata amphamvu zawo, ndipo lero ndi amene amasoka mabala. Chimachitika n'chakuti thupi likadzidzimuka, mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono, BP imatsika, magazi safika okwanira ku ubongo. Koma sizibwera mwakachetechete. Mumayamba kumva thukuta lozizira, makutu kulira, maso kuchita chidima. Mukangomva zimenezo limbitsani minofu ya miyendo, ntchafu ndi matako kwa masekondi 10 kapena 15, masulani, bwerezaninso kangapo. BP imakwera. Zikakana khalani pansi pomwepo, mutu pakati pa mawondo, ndipo muuzeni Sista. Palibe manyazi. Musalowe mu wodi ndi njala, imwani madzi, ndipo poima musaumitse mawondo. Kumbukiraninso kuti tsikulo munali kuonerera m'bale wanu manja ali lende. Mukakhala mwavala magolovesi, mwagwira gozi (kansalu kotsekera bala), wina akukuuzani kuti "panikizani apa", mutu umapita pa ntchito.

Sista wopuma ntchito, Chilenje:
Mwanangu, ine ndinena zosiyana pang'ono ndi anzangawa, ndipo usandione ngati wouma mtima. Magazi si amene amathamangitsa anthu pa ntchito imeneyi. Magazi umazolowera. Chimene uyenera kudzifunsa n'chakuti, kodi ungamusinthe thewera agogo amene si ako, n'kuwapukuta bwinobwino osakwinya nkhope? Ungachotse bedipani (chodzithandiziramo wodwala pabedi) m'bandakucha, kutsuka chilonda chonunkha, kutembenuza wodwala sitiroko maola 2 alionse kuti asatuluke zilonda pamsana? Ndipo tsiku lina udzasambitsa munthu amene dzulo unkacheza naye, kumutseka maso, kumumanga chibwano, abale ake akulira pakhonde.

Boma litalemba ntchito azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ana ambiri anathamangira unamwino poona kuti kuli malipiro. Sindiwanena, njala ndi njala. Koma mu Januwale 2024, kolera itavuta mpaka bwalo la mpira la Heroes Stadium ku Lusaka kusanduka chipatala, ntchito inali ndowa, klorini, madiripu ndi mabedi obooka pakati, usiku ndi usana. Imeneyo ndiyo ntchito yathu ikavula yunifolomu yoyera. Ngati kwanu unadwazikapo munthu mpaka mapeto, yankho ukulidziwa kale. Ngati sunadwazikepo, pita ukathandize kwa wachibale kapena wa mumpingo amene ali ndi matenda m'nyumba, Januwale asanafike.

Mayi wa ku Kanyama:
Zikomo amayi. Agogo anga aakazi ndinawadwazika ndine mpaka anatisiya, kuwasambitsa, kuwachapira, zonse. Zimenezo sizinandivute. Ndi singano ikamalowa pakhungu ndi masamu basi.

Sista wopuma ntchito, Chilenje:
Ndiye pita kusukulu mwanangu. Zotsalazo aphunzitsi akuthandiza.

Mphunzitsi wa anamwino:
Amayi a ku Kanyama, ndiyambe ndi ng'ombe ija, chifukwa mantha ena ndi oyenera. Musanalipire ngwee ina iliyonse, tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, imene kale tinkaitcha General Nursing Council lamulo la 2019 lisanasinthe dzina. Mukayamba, funsani za indexing, kuti dzina lanu lilembedwe ku Council ngati wophunzira. Popanda zimenezo simudzalemba mayeso a laisensi, ngakhale mutakhoza bwanji m'kalasi. Funsaninso kuti ophunzira awo amapita zipatala ziti pa practical.

Tsopano za kuopa kupha munthu. Palibe amene adzakupatsani jakisoni kuti mukabaye wodwala sabata yoyamba. Miyezi yoyambirira ndi ya m'kalasi ndi mu skills lab, kumene mumayala bedi, kusamba m'manja, kuyeza BP ya mnzanu, kubaya chidole mpaka dzanja litasiya kunjenjemera. Ku wodi mumagwira pansi pa namwino wolembetsedwa, ndipo ntchito iliyonse amayamba wakuonetsani, kenako muchite iye akuona, ndiye asaine m'buku lanu. Mankhwala tisanapereke timaona zinthu 5: wodwala wake ndi yemweyu, mankhwala ake ndi omwewa, mlingo, njira yoperekera, ndi nthawi. Ine wophunzira amene amandidetsa nkhawa ndi uja amati "ndadziwa" asanamve mpaka kumapeto. Wamantha amawerenga botolo kawiri, amafunsa, ndipo wodwala amagona bwino.

Masamu ake si aja a x ndi y. Ndi kuchulukitsa ndi kugawa, omwe mumachita pa salaula tsiku lililonse. Mlingo umene dokotala walemba, gawani ndi mlingo umene uli pa botolo, chulukitsani ndi madzi ake. Mwana amulembera amoxicillin 250 mg, botolo likuti 125 mg mu 5 ml. 250 kugawa ndi 125 ndi 2, kuchulukitsa ndi 5, mumupatsa 10 ml. Diripu nayo: 1000 ml iyende maola 8, chubu chake chimatulutsa madontho 20 pa 1 ml. Chulukitsani 1000 ndi 20, gawani ndi mphindi 480, mupeza madontho 42 pa mphindi. Nambala ya madonthoyo muziiona pa paketi ya chubu, chifukwa machubu amasiyana. Pamene ophunzira amagwa kawirikawiri ndi pa kadontho ka decimal ndi posintha magalamu: 1 g ndi 1000 mg, 1 mg ndi 1000 mcg. Lowezani zimenezo.

Yesani iyi: 500 ml iyende maola 6, madontho 20 pa 1 ml.

Wa chaka chachitatu, Matero:
Akulu anga, musaope za msinkhu. M'kalasi mwathu muli amayi a ana awo, ndipo pa wodi odwala amawakhulupirira msanga kuposa ife. Mabuku ndi mayeso ndi Chingerezi, inde, koma agogo ochokera ku Chawama kapena ku Chibolya akafika pa bedi amafuna wowafunsa m'chinenero chawo kuti chikupweteka n'chiyani. Pamenepo inu muli patsogolo kale.

Temu yoyamba Anatomy, phunziro la ziwalo za thupi, imaliza anthu, mafupa 206 ndi maina ake achilendo. Musawerenge nokha. Pezani anzanu atatu kapena anayi, aliyense azifotokozera anzake mutu umodzi mokweza. Panopa yambani ndi zosavuta: munthu wamkulu pulse (kugunda kwa mtima) ndi 60 mpaka 100 pa mphindi, kupuma 12 mpaka 20. Gulani kawotchi ka pachifuwa kokhala ndi muvi wa masekondi, muziwerenga pulse ya aliyense kunyumba. Nsapato gulani zotseka, zafulati, zosaterera, musaone kukongola.

Za singano: funsani za katemera wa Hepatitis B musanayambe mawodi, amabaya katatu m'miyezi 6. Singano yogwiritsa kale ntchito musaibwezere chivindikiro, iponyeni mu sharps box, bokosi lotayiramo singano. Ikakubayani tsukani ndi madzi ndi sopo, nenani nthawi yomweyo, chifukwa PEP, mankhwala oteteza ku HIV, imayenera kuyamba maola 72 asanathe ndipo imamwedwa masiku 28. Ena amabisa poopa kukalipidwa, musachite zimenezo.

Chimene sanatchule akuluakuluwa ndi mwana. Kuli ma night duty, kulinso nthawi imene amakutumizani kunja kwa Lusaka kwa masabata angapo. Ndaona anzathu akusiya sukulu chifukwa chosowa womusiyira mwana, mitu yawo ili yakuthwa bwino. Khalani pansi ndi abale mwezi uno, mugwirizane kuti adzagona ndi ndani, adzamutenga ndani kusukulu. Ndipo shifiti ya m'mawa siyembekeza minibasi yodzaza pa City Market, ngati pali malo ku hostel ganizirani.

Namwino wa ku casualty:
Ndiwonjeze pang'ono. Pitani mukayezetse magazi anu, gulu lake kapena shuga, ndipo nthawi ino muyang'ane singano ikulowa, mutakhala pansi, miyendo mutalimbitsa monga ndanenera. Kenako muzionera mavidiyo ophunzitsa kusoka bala pa YouTube, kuyamba ndi aafupi. Pang'onopang'ono thupi limasiya kudzidzimuka. Mukaona kuti mantha akukulepheretsani kudya ndi kugona kwa masabata, kaonaneni ndi a uphungu ku kiliniki, ndi ntchito yawo.

Mayi wa ku Kanyama:
Aphunzitsi, ndapeza 27.8, ndiye ndinene kuti madontho 28? Ndachita pa katoni ya salaula, kasitomala akudikira chenje. Za Council ndipita ndekha Lolemba ndikaone dzina la sukulu ndi maso anga. Amayi ndawaimbira, avomera kubwera kuchokera ku Katete akakolola, koma miyezi yoyambayo mwana akhala kwa akulu anga ku Garden. Usiku wathawu ndagonako.

Mphunzitsi wa anamwino:
28 ndi yolondola, dontho silidulidwa pakati. Ina nayi, mubwere nayo mawa: paracetamol wa madzi, botolo likuti 120 mg mu 5 ml, mwana amulembera 180 mg. Mulembe njira yonse imene mwadutsa, osati yankho lokha.