Thandizeni, nyimbo yanga anthu akuimva mosiyana ndi zomwe ndimatanthauza

Moni nonse mugulu muno, makamaka inu olemba ndi oimba nyimbo. Pali nkhani yandisowetsa mtendere.

Chaka chatha ndinatulutsa nyimbo yokamba za mmene ndinasiyira mowa utandizunza zaka zambiri. Mowawo ndinaulemba ngati munthu, ndikuuuza kuti "ndakusiya iwe, usanditsatenso", ndipo mawu oti mowa sindinawatchule paliponse, botolo lokha ndi lomwe likumveka kamodzi mu vesi yachitatu pomwe ambiri safikapo nkomwe. Pano aliyense akuti ndi nyimbo yothetsa chibwenzi, ena akutumizira ma ex awo, ndipo chomwe chikundiwawa kwambiri nchoti akazi anga ayamba kufunsidwa ngati ndimanena iwowo.

Ndayesa kufotokoza pa Facebook, ndalemba tanthauzo lake mmunsi mwa nyimboyo pa YouTube, pa shoo ndimayamba ndalongosola kaye ndisanaimbe, koma kolasi ikangoyamba basi anthu abwerera ku zawo zomwe zija. Mnzanga wina akuti ndingozisiya, akuti ngakhale nyimbo ya Every Breath You Take ya gulu loimba la The Police ya 1983 anthu amaitenga ngati yachikondi chokoma pomwe Sting mwini wake yemwe anailemba ananena kuti ndi ya nsanje ndi kulondalonda munthu. Ndikumumva ndithu, koma ine ndinkafuna ifike kwa amene akulimbana ndi mowa ngati mmene ndinaliri ine.

Ndiye ndifunse abale, ndijambulenso nkuika mawu oti mowa mu kolasi, kapena vidiyo yokha ingakonze zimenezi? Amene zinakuchitikiranipo, munatani?