Banja Lathu: matepi a agogo

Mayi a Chisomo: Mwauka bwanji nonse. Dzulo ndatsitsa katoni ya matepi a vidiyo ija inali pamwamba pa wadiropu ku Chilenje. Alipo 14. Awiri achita chuku, ukasuzumira pa kawindo kaja mukuoneka zoyera ngati ufa. Ina adadi analembapo ndi dzanja lawo "Ukwati 1998", ina "Kulamba ku Katete".

Amalume a ku Matero: Ine ndinanena pa maliro paja kuti matepi achoke m'chipinda cha chinyezi chija. Ndinanena.

Tiyamike: Ndinapita ku Kamwala, pali mnyamata amene amasamutsa za pa tepi kuziika pa flash. Akuti K120 tepi imodzi, flash tigule tokha. Koma za chukuzo akuti saika mu deki yake zisanatsukidwe, zimadetsa makina. Kutsukako ndi ndalama ina.

Azakhali a ku Kabwata: K120 kungokopera chabe? Si ntchito ya mphindi zisanu imeneyo?

Tiyamike: Ayi azakhali, tepi imayenda yonse kuchokera poyamba, deki italumikizidwa ku kompyuta. Yolembedwa E-180 ndi maola 3 athunthu, magetsi akazima pakati ayambirenso. Komanso madekiwa sakupangidwa, kampani yomaliza ya ku Japan, Funai, inasiya mu 2016. Ikafa yake ija ndiye kwatha.

Amalume a ku Matero: Pa nyumba panali deki ya JVC yabwinobwino. Sindikutchula munthu.

Bambo a Dalitso: Amalume tisiyeni zimenezo. Matepi 14 ndi K1,680. Mabanja tilipo 7, ndiye K240 banja lililonse. Flash ndigula ine. Tumizani pa Airtel Money ya mlamu wanga.

Azakhali a ku Kabwata: Mabanja 7 pa pepala. Pa chiliza tinalinso 7, amene tinasonkha tikudziwana.

Mayi a Chisomo: Zalowa za Bambo a Dalitso ndi za Tiyamike. Zikomo.

Achemwali a ku Chipata: Pepani ndinalibe bandulo. Alipo akubwera kuno sabata ino? Ndili ndi thumba la mtedza la ana, lingoonongeka.

Azakhali a ku Kabwata: Chalimbana kapena solontoni?

Achemwali a ku Chipata: Chalimbana azakhali, wa m'munda wa kumtunda uja

Azakhali a ku Kabwata: Ndisungireniko wa nsinjiro, wa kuno wadula zedi

Amalume a ku Matero: Mtedza mtedza, matepi akuola. Ndinanena kale ine.

Limbikani wachoka pa gulu

Bambo a Dalitso: Eee. Wachokanso?

Tiyamike: Mwina wasintha nambala. Chinanso, mwa 14 aja atatu ndi ang'onoang'ono, a Video8, a kamera ija amalume aang'ono anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Salowa mu deki ya VHS, amafuna kamera yakeyo. Ndani ali nayo?

Azakhali a ku Kabwata: Funsani komwe kunapita deki.

Mayi a Chisomo: Abale, chonde. Pa tepi ya ukwati ija amayi akuimba kutsogolo kwa amayi anzawo, atavala chitenje chobiriwira chija, ndiye akuseka mpaka kugwira pakamwa. Palibe pena paliponse pamene pali mawu awo. Chisomo wabadwa atapita kale, amangowadziwa pa chithunzi cha pa khoma. Ndikaganiza kuti chuku chingafike pa imeneyo sindigona.

Achemwali a ku Chipata: Mwandiliza achemwali. Ndituma Lachisanu ndikagulitsa mtedza wina.

Bambo a Dalitso: Ndiye tiyambe ndi anayi pa K480 yalowayi, ya ukwati ikhale yoyamba. Akamaliza tisunge pawiri, pa flash ndi pa Google Drive, flash imasowa. Matepiwo musataye.

Amalume a ku Matero: Flash isungidwe kwa ine.

Azakhali a ku Kabwata: Achimwene, K240 yanu yalowa?

Tiyamike: Mawa 9 koloko ndidutsa ku Chilenje, muwaike m'pepala la pulasitiki, a chuku aja pawokha.