Explora ikujambula sewero modumphadumpha, ndathedwa nzeru

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Sabata yatha ndinaika Explora, dikoda ya DStv yotha kujambula mapulogalamu, kwa mayi ena ku Area 47, mbale ya 90 cm ndi Smart LNB (kachipangizo ka pa mbale kolandira siginecha ya satelayiti). Mayiwa amaweruka usiku, ndiye chomwe anagulira dikodayi n'choti izidzijambulira yokha sewero lawo la 8 koloko madzulo. Ndinalowa mu TV Guide, kulipeza sewerolo, kudina R wofiira uja n'kusankha kuti izijambula zigawo zonse. Mu Planner, momwe mumaoneka zotcheredwa kuti zijambulidwe, zinaonekamo bwinobwino. Koma pa zigawo zisanu, zathunthu ndi ziwiri zokha, china chinadukira pakati, ziwiri kulibiretu. Andiimbira kale katatu ndipo manyazi andigwira.

Wa ku Ndirande: Achimwene, yambani mwafunsa ngati sakuzimitsa pakhoma. Makasitomala ambiri akamachoka amazula pulagi kuopa kuti magetsi akabwera mwamphamvu aotcha zinthu. Dikoda imajambula ikakhala pa standby, koma yozulidwa singachite kanthu.

Wa ku Area 25: Ndinafunsa. Sazula, ndipo ali ndi inverter.

Mayi wa ku Zomba: Nanga access fee, ndalama yapadera ija ya pamwezi yotsegulira kujambula, analipira? Popanda imeneyo kujambula sikutheka.

Wa ku Area 25: Analipira achemwali. Ikanakhala imeneyo sibwenzi itajambula ngakhale chimodzi. Hard drive nayonso ili mbee, dikoda ndi yatsopano.

Madala a ku Mzuzu: Mwana wanga, m'nyumbamo muli dikoda imodzi yokha?

Wa ku Area 25: Ziwiri madala. Kuchipinda kwa ana kuli kadikoda ka HD kakale, ndinakalumikiza pa XtraView (njira yolumikizira madikoda pa akaunti imodzi) kudzera pa splitter yogawa waya.

Madala a ku Mzuzu: Vuto lagona pamenepo, ndikukhulupirira. Waya wochokera pa doko la Unicable la Smart LNB ndi umodzi, koma mkati mwake muli ngati tinjira tingapo, totchedwa ma user band. Tuner iliyonse, kachigawo ka mu dikoda kogwira tchanelo, imafuna kanjira kakekake. Explora imatenga titatu: 0 pa frequency 1210, 1 pa 1420 ndi 2 pa 1680. Imafuna tambiri chifukwa kuonera kuli ndi tuner yake, kujambulanso kuli ndi yake. Tsono ngati ka HD kaja munakasiya pa nambala imene Explora ikujambulira, ziwirizo zimalimbirana kanjira kamodzi. Pabalaza chithunzi chimaoneka bwino, inu n'kutsanzika mukuti ntchito yatha. Masana ana ali kusukulu, mukayesa kujambula zitheka. Madzulo mwana akangoyatsa kake n'kusintha tchanelo, chojambula chija chimaduka. Masiku awiri amene zinayenda bwino aja, mukafunse ngati anawo analipo.

Wa ku Ndirande: Eeh, zinandionekerapo ku Chilomoni. Ndinasintha LNB kawiri, kukwera padenga dzuwa likuswa mtengo, pomwe vuto linali nambala imodzi mu settings.

Wa ku Area 25: Kunena zoona ka HD kaja sindinakakhudze ma user band. Ndinangoona kuti kakuonetsa, basi. Ndikaike pati?

Madala a ku Mzuzu: Kaikeni pa 3, frequency 2040. Muonenso splitter yanu ngati ndi yodutsitsa mphamvu mbali zonse, ndi ma F-connector, timitu ta kumapeto kwa waya, ngati tiwaya ta shilidi sitikukhudza kawaya ka pakati. Mukatero musathamangire kunyamuka. Yatsani zonse ziwiri, yambani kujambula tchanelo china pa Explora mukuonera china, wina apite kuchipinda azisinthasintha matchanelo mphindi khumi. Kenako museweretse chojambulacho mpaka kumapeto.

Mayi wa ku Zomba: Ndiwonjezereko pang'ono. Muwaonetse mayiwo kulowa mu Planner okha. Dikoda imatsata zimene zalembedwa mu guide, ndiye sewero likasintha dzina kapena likasamukira tchanelo china, pamafunika kulitcheranso. Muwauzenso kuti asatchere zinthu ziwiri pa ola limodzi, ndipo zoonera kale azifufuta.

Wa ku Area 25: Ndangochokako kumene. Ka HD kanali pa 1, 1420, ndendende mmene munanenera madala. Mayi akuti Lolemba ndi Lachinayi, masiku amene zinajambulika bwino, ana anagona kwa agogo awo ku Kawale. Ndakasamutsira pa 3, tayesa ndi mnyamata wawo akusintha matchanelo kuchipinda, chojambula chatuluka chathunthu. Ulendo wa lerowu sindinawalipiritse, kulakwa kunali kwanga. Ndawapempha kuti anditumizire uthenga Lachisanu usiku sewero likatha.

Madala a ku Mzuzu: Mwachita bwino. Manambala a dikoda iliyonse muwalembe pa kapepala n'kumata kuseri kwake, kuti wobwera pambuyo panu asadzasokonezenso.