Kodi dziko lankhoswe lili ndi ufulu wolowetsa asilikali n'kukhaliratu? Nkhani ya Turkey ku Cyprus

Chikondi_Namiwawa:
Akuluakulu odziwa malamulo, ndithandizeniko. Pangano la 1960 linaika Britain, Greece ndi Turkey kukhala ankhoswe a ufulu wa Cyprus. Turkey imati pomwe inkatsitsa asilikali mu 1974 inkangotsata ndime 4 ya panganolo. Kodi ndimeyo ikuloladi nkhondo? Ngati inalola kulowa, ikulolanso kukhala mpaka lero?

aMbewe_Chichiri:
Achemwali, mafunso anu ndi awiri, musawaphatikize. Ndime 4 ili ndi masitepe. Pangano likaphwanyidwa, ankhoswe atatuwo ayambe akambirana. Zikakanika kuchitira limodzi, aliyense angachitepo kanthu payekha, koma ndi cholinga chimodzi chokha: kubwezeretsa zinthu momwe panganolo linaziikira.

Kuphwanya kunachitikadi. Pa 15 Julaye 1974 asilikali a Cyprus, mothandizidwa ndi boma lachisilikali la Greece ku Athens, anachotsa Pulezidenti Makarios n'kuikapo Nikos Sampson, munthu wofuna kulumikiza chilumbacho ndi Greece, zomwe ndime 1 imaletsa. Kukambirana nako kunayesedwa: nduna yaikulu ya Turkey, Bülent Ecevit, anapita ku London, Britain inakana kuchitira limodzi. Ndiye pa 20 Julaye asilikali a Turkey anakocheza pafupi ndi tauni ya Kyrenia, kumpoto kwa Cyprus. Mpaka apa Turkey ili ndi poyankhulira.

Pomwe nkhani inaipa ndi mu Ogasiti. Sampson anali atatula pansi udindo pa 23 Julaye, Glafcos Clerides n'kutenga mpando, boma lachisilikali ku Greece litagwa. Komabe pa 14 Ogasiti, zokambirana za ku Geneva zitasokonekera, Turkey inayambanso nkhondo n'kulanda dera lakumpoto lopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chilumbacho. Ndime 2 ya pangano lomwelo imaletsa kugawa Cyprus. Nkhoswe amabwera kudzakonza banja, osati kudzamanga mpanda pakati pa nyumba n'kugona chipinda chimodzi.

Nagama_Limbe:
Bambo Mbewe, za Ogasiti ndikugwirizana nanu, koma pa Julaye mwawapeputsira. Mu ndime 4 mulibe mawu oti asilikali kapena zida, mwangoti kuchitapo kanthu. Ndipo ngakhale akanakhalamo, malamulo oyendetsera bungwe la UN ali pamwamba. Ndime 2(4) ya malamulowa imaletsa kugwiritsa ntchito mphamvu zankhondo pa dziko lina, pomwe ndime 103 imati pangano lina lililonse likasemphana ndi malamulowa, opambana ndi a UN. Zitseko zodziwika ndi ziwiri: kudziteteza pansi pa ndime 51, kapena chilolezo cha Khonsolo ya Chitetezo ya UN. Turkey sinaukiridwe, chilolezonso inalibe.

Chotsala ndi kunena kuti Cyprus inavomereratu posayina. Apa ndi pomwe akadaulo amakanganirana mpaka lero: kodi dziko lingapereke mu 1960 chilolezo choti lidzaukiridwe zaka 14 kutsogolo, n'kusathanso kuchibweza? Ine ndimaona kuti ayi, chilolezo chimayenera kukhalapo pa tsiku lomwe asilikali akulowa. Onaninso kuti tsiku lomwelo la 20 Julaye, chigamulo 353 cha Khonsoloyo chinalamula kuti mayiko akunja asiye nthawi yomweyo kulowerera ndi asilikali.

Wakwathu_Ndirande:
Timvekonso mbali ya Turkey. Iwo amati dongosolo la 1960 linali litafa kale mu 1963, pomwe kunabuka ziwawa ndipo anthu a ku Cyprus amtundu wa Chiturkey anapezeka kunja kwa boma, ambiri akukhala mopanikizika m'timadera tawotawo. Ndiye panalibe chobwezeretsa, ndipo kuchoka kukanaika anthu awo pachiwopsezo.

aMbewe_Chichiri:
Ziwawazo zinalikodi, sitingakane. Koma mfundoyo imawadya eni ake: ngati dongosolo la 1960 silingabwezeretsedwe, ndime 4 ilibenso ntchito, chifukwa cholinga chake ndi chomwecho basi. Pa chiwerengero, pangano linzake la 1960 lokhudza kuthandizana pa chitetezo linaloleza asilikali 650 a Turkey ndi 950 a Greece. Omwe ali kumpotoko lero ndi zikwi zambiri.

Achemwali, pa funso lanu lachiwirilo zikalata zilipo. Kumpoto kutalengeza ufulu pa 15 Novembala 1983, chigamulo 541 cha Khonsolo ya Chitetezo chinati kulengezako n'kopanda mphamvu pamalamulo, ndipo ndi Turkey yokha yomwe imazindikira bomalo. Khothi la ku Ulaya la ufulu wachibadwidwe, la ku Strasbourg, pa mlandu wa Loizidou, mayi woletsedwa kufika pa malo ake kumpotoko, mu 1996, linapeza kuti Turkey ndiyo imalamulira deralo kudzera mwa asilikali ake, choncho zochitika kumeneko zili pamutu pake. Mu 2014 khothilo linalamula kuti ilipire Cyprus mayuro 90 miliyoni. Musasokoneze apa: Strasbourg imaweruza za ufulu wa anthu, monga malo olandidwa ndi anthu osowa, sinagamulepo ngati kulowa kwa 1974 kunali kovomerezeka. Funso limenelo ndi la khothi lalikulu la UN la ku The Hague, koma pakadali pano Turkey siivomereza kuti khothilo liziiweruza mokakamiza.