Kulumikiza Google Drive ndi Slack kuntchito: mafayilo amakhala kuti, ndipo angawatsegule ndani?

Mlembi wa ofesi walemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsapo kale pa nkhani imeneyi. Pa bungwe lathu mauthenga a ntchito timalemberana pa Slack, pomwe zikalata zathu, monga malipoti, makontirakiti ndi mapulani a bajeti, timazisunga pa Google Drive. Vuto ndi lakuti munthu akafuna kuti anzake aone chikalata, amachikopera pa kompyuta yake kenako n'kuchiponya mu tchanelo (chipinda chokambirana pa Slack) ngati fayilo. Wina amachitsegula, n'kukonza pena, n'kuchitumizanso ndi dzina lina, moti pofika tsiku lopereka lipoti pamakhala makope ambirimbiri a chikalata chimodzi, ena olembedwa kuti "final", ena "final yeniyeni", ndipo palibe amene angalumbire kuti loona ndi liti.

Abwana andiuza kuti ndifufuze za kulumikiza mapulogalamu awiriwa tisanachite chilichonse. Chimene ndikufuna kumvetsa choyamba n'chakuti, tikawalumikiza, kodi mafayilo athu asamukira ku Slack kapena akhalabe kumene ali? Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'matchanelo ena muli alangizi a kunja amene timagwira nawo ntchito kwa kanthawi kochepa, ndiye sindikudziwa ngati nawonso adzayamba kutsegula chikalata chilichonse chimene chaikidwa mmenemo. Ndithokoza kwambiri aliyense amene angandiunikire.

Mmisiri wa makompyuta wayankha:

A Mlembi, mafayilo anu sasamuka. Mukaika pulogalamu ya Google Drive mu Slack, chimene chimapita mu tchanelo ndi linki yokha, ndipo Slack imangoonetsa dzina la chikalatacho ndi kachithunzi kake pansi pa uthenga, pomwe chikalata chenichenicho chimakhalabe pa Drive. Ubwino wake wagona pomwepo, chifukwa aliyense wodina linkiyo amafika pa chikalata chimodzimodzi, ndipo zimene wina wakonza m'mawa, mnzake amazipeza masana popanda kutumizirana chilichonse. Izi n'zosiyana kotheratu ndi zimene anzanu akuchita panopa, chifukwa fayilo yoponyedwa mwachindunji mu Slack imakhala kope latsopano losungidwa pa makina a Slack, ndipo kope limenelo silidziwa chilichonse chimene chasintha pa Drive kuyambira nthawi imene linatumizidwa.

Pa funso lanu lachiwiri ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Slack ili ndi mndandanda wake wa anthu amene ali mu tchanelo, ndipo Drive ilinso ndi mndandanda wake wa anthu amene aloledwa kutsegula chikalata, koma mindandanda iwiriyi siigwirizana yokha ngakhale mutalumikiza mapulogalamuwo. Linki ili ngati kumulozera munthu khomo popanda kumupatsa kiyi. Mlangizi wa kunja amene ali mu tchanelo adzaiona linkiyo, koma ngati imelo yake siinapatsidwe chilolezo pa Drive, akadina adzangopeza tsamba lomuuza kuti apemphe chilolezo kwa mwini chikalata. Chimene pulogalamu yolumikizayo imachita n'chakuti, mukangotumiza linki, imaona ngati anthu a mu tchanelomo angathe kuitsegula, ndipo ikapeza kuti ena sangathe, imakufunsani ngati mukufuna kuwapatsa chilolezo. Funso limeneli n'lothandiza, komanso ndi pomwe pali msampha, chifukwa munthu amene ali pachangu amangovomera kuti uthengawo uchoke pamaso pake, osaganizira kuti mu tchanelomo muli ndani. Muwaphunzitse anzanu kuti Drive imasiyanitsa zilolezo zitatu, za Viewer (kungoona), Commenter (kupereka ndemanga) ndi Editor (kusintha), ndipo mlangizi amene ntchito yake ndi kupereka maganizo basi safunika chilolezo chosintha mawu a mu kontirakiti.

Dziwaninso kuti ngakhale pulogalamuyi imaikidwa kamodzi pa Slack ya bungwe lonse, munthu aliyense amalumikiza akaunti yake ya Google payekha. Pochita zimenezi Slack siiona pasiwedi yanu. Imakutumizani ku tsamba la Google, kumene mumawerenga zimene ikupempha kuchita n'kuvomereza, kenako Google imaipatsa chizindikiro chapadera chogwirira ntchito m'dzina lanu. Njira imeneyi imatchedwa OAuth 2.0, ndipo malamulo ake anasindikizidwa mu 2012. Zotsatira zake n'zakuti Slack imaona zokhazo zimene inuyo muli ndi chilolezo choona, ndipo chizindikirocho mungachichotse nthawi ina iliyonse popanda kusintha pasiwedi.

Ngati bungwe lanu likugwiritsa ntchito Slack yaulere, pali chifukwa chinanso chosiyira chizolowezi choponya mafayilo mu tchanelo. Kuyambira mu 2022, Slack yaulere imaonetsa mauthenga ndi mafayilo a masiku 90 apitawo okha, ndipo kuyambira mu 2024 zinthu zopitirira chaka chimodzi zimafufutidwa. Linki ikabisika kapena kufufutidwa, chikalata chimakhalabe bwinobwino pa Drive, koma fayilo imene kope lake lokhalo linali mu Slack imapita pamodzi ndi uthenga wake.

Wosunga mabuku a ndalama wayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mmisiri pa zonse zimene afotokoza, koma ine ndikuona kuti funso lalikulu simunalifunse, a Mlembi, ndipo ndi lakuti zikalatazo mwini wake ndi ndani. Pa Drive, chikalata chimene munthu wachipanga mu My Drive (malo akeake a munthuyo pa Drive) chimakhala chake, ngakhale atachigawana ndi ofesi yonse. Tsiku limene munthuyo adzasiye ntchito akaunti yake n'kufufutidwa popanda kusamutsa umwini wa mafayilo ake, malinki onse amene anawatumiza m'matchanelo adzasanduka opanda ntchito, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimadziwika mochedwa, pamene wina akufunafuna kontirakiti ya chaka chatha. Woyang'anira Google Workspace (maakaunti a Google a bungwe) amafunsidwa kuti asamutsire mafayilo kwa munthu wina pamene akufufuta akaunti, ndipo akaunti yofufutidwa ingathe kubwezeretsedwa pasanathe masiku 20, koma si nzeru kudalira kuti pa tsikulo padzakhala munthu wokumbukira zonsezi. Ngati zikalata zili pa akaunti ya Gmail ya munthu payekha ndiye zimavuta kwambiri, chifukwa bungwe lilibe mphamvu iliyonse pa akauntiyo.

Choncho musanalumikize chilichonse, samutsirani zikalata za ntchito mu Shared drive, mmene mwini wa mafayilo amakhala bungwe osati munthu. Wogwira ntchito akachoka, mumangomuchotsa pa mndandanda wa mamembala, mafayilo n'kutsala pamalo pake ndi malinki ake akugwirabe ntchito. Zimapepukanso mukapereka chilolezo ku gulu la maimelo, monga gulu la anthu a za ndalama, m'malo molemba maina mmodzimmodzi pa chikalata chilichonse, chifukwa munthu watsopano akabwera mumangomuika m'gululo kamodzi.

Ife a za ndalama chimene timachiopa kwambiri ndi chisankho cha "Anyone with the link". Munthu akatopa ndi mauthenga opempha chilolezo, amasankha chimenechi kuti asamavutitsidwe, osadziwa kuti chikalatacho tsopano chingatsegulidwe ndi aliyense amene linkiyo yamufikira, ngakhale alibe akaunti ya bungwe lanu, ndipo linki imayenda msanga kwambiri ikangokoperedwa mu imelo kapena pa foni. Woyang'anira angathe kutseka kapena kuchepetsa kugawana kotereku pa bungwe lonse, ndipo pa mafoda a malipiro ndi makontirakiti ine sindingazengereze kutero. Musaiwalenso kuti dzina la fayilo limaoneka mu tchanelo ngakhale kwa anthu amene sangathe kuitsegula. Fayilo yotchedwa "mndandanda wa ochotsedwa ntchito" yaulula kale chinsinsi munthu asanaidine n'komwe.

Mlembi wa ofesi wayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula m'maso, makamaka pa nkhani ya umwini, chifukwa ndikayang'ana bwino zikalata zathu zambiri zili mu My Drive ya anthu osiyanasiyana. Nditafotokozera anzanga, mmodzi wanena kuti mavuto onsewa sangakhalepo titasamukira ku Microsoft Teams, poti kumeneko mauthenga ndi mafayilo zili pamodzi kale. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi mavuto omwewo atangovala malaya ena?

Woyang'anira Teams kuntchito wayankha:

Mayi kapena bambo Mlembi, mnzanuyo wanena zoona mbali imodzi. Teams, imene Microsoft inaitulutsa mu 2017, siisunga yokha mafayilo. Timu iliyonse imakhala ndi malo ake pa SharePoint (malo a Microsoft osungira mafayilo a gulu), tchanelo iliyonse wamba n'kukhala ndi foda yake mmenemo, ndipo fayilo imene mwaiika mu tchanelo imapita mu foda imeneyo. Chifukwa chakuti mamembala a timu ndi omwewonso amene ali ndi chilolezo pa SharePoint, vuto la mindandanda iwiri limene a Mmisiri afotokoza limachepa kwambiri: mukamuika munthu mu timu wapeza mafayilo, mukamuchotsa wawataya. Fayilo yofufutidwa imakhalanso m'nkhokwe ya zofufutidwa kwa masiku 93, pomwe pa Drive imakhala masiku 30.

Koma kuphweka kumeneku kuli ndi mbali yake inanso. Mlangizi wa kunja mukamulowetsa mu timu ngati mlendo, amaona mafayilo a m'matchanelo onse wamba a timuyo, kuphatikizapo akale amene anaikidwa iye asanabwere, pokhapokha ngati mwapatula zinsinsi mu tchanelo yotsekedwa, imene imakhala ndi malo akeake pa SharePoint. Ndipo nkhani ya umwini siitha. Fayilo imene munthu watumiza pa macheza a anthu awiri kapena a kagulu, osati mu tchanelo, imasungidwa mu OneDrive (malo a Microsoft osungira mafayilo a munthu payekha) ya wotumizayo, mu foda yotchedwa Microsoft Teams Chat Files. Akaunti yake ikafufutidwa, OneDrive imeneyo imasungidwa kwa masiku 30 ngati woyang'anira sanatalikitse nthawiyo, kenako imayamba kuchotsedwa. Anthu amakonda kwambiri kutumizirana zinthu pa macheza a pawiri chifukwa n'kwachangu, ndiye zikalata zofunika zimathera m'malo amene bungwe siliwayang'anira tsiku ndi tsiku.

Ine Teams ndimaigwiritsa ntchito ndipo ndimaikonda, komabe sindingakulangizeni kusamutsa bungwe lonse chifukwa cha nkhani yokhayi. Zikalata za Google Docs ndi Sheets ziyenera kusinthidwa kukhala za Word ndi Excel posamuka, malinki onse akale amene ali m'mauthenga ndi m'maimelo amasiya kuloza malo oyenera, ndipo anthu amafunika kuphunzira zinthu zatsopano ntchito ikuwadikira. Munthu amene amakopera fayilo n'kuitumizanso ndi dzina lina pa Slack adzachitanso chimodzimodzi pa Teams.

Mmisiri wa makompyuta wayankhanso:

Ndingowonjezera pang'ono pa zimene akulu anzangawa anena. Makope akale amene adzaza kale m'matchanelo anu sadzachoka okha mukalumikiza Drive, ndipo adzapitiriza kutuluka munthu akamafufuza mu Slack, moti wina angathe kutsegula kope lachikale akuganiza kuti ndi lenileni. Pa chikalata chilichonse chofunika sankhani kope limodzi, muliike mu Shared drive, mumamatize linki yake pamwamba pa tchanelo kuti aliyense aziyiona akangolowa, ndipo makope enawo muwafufute mutatsimikiza kuti mulibe kanthu kamene kakusowa mu kope losankhidwalo.

Anthu amapanga "final" ndi "final yeniyeni" chifukwa choopa kuti mnzawo awononga zimene analemba, ndiye muwasonyeze kuti Google Docs imasunga mbiri ya zosintha, yoonetsa amene anasintha ndi nthawi imene anasinthira, ndipo munthu angathe kubwerera ku mmene chikalata chinalili kale. Kwa mafayilo amene si a Google, monga PDF, mitundu yakale ya fayilo (mmene inalili isanasinthidwe) ingathe kuchotsedwa pakatha masiku 30 kapena ikapitirira 100, pokhapokha mutaiika chizindikiro chakuti isungidwe mpaka kalekale, ndiye pa makontirakiti osainidwa chizindikiro chimenechi n'chofunika.

Pomaliza, a Mlembi, mupemphe woyang'anira Slack yanu kuti atsegule lamulo lakuti pulogalamu iliyonse yatsopano izivomerezedwa kaye isanaikidwe, chifukwa Drive ikangoyamba kugwira ntchito anthu adzafuna kulumikizanso Dropbox ndi Box, zimenenso zimasunga mafayilo, komanso mapulogalamu ena ang'onoang'ono amene amapempha chilolezo chowerenga mafayilo. Ndipo pa mndandanda wa zochita pa tsiku limene munthu akusiya ntchito mulembepo zinthu zonse ziwiri, kutseka akaunti yake ya Slack ndi kumuchotsa pa Drive, chifukwa kutseka imodzi sikutseka inzake. Alangizi a kunja ndi amene amaiwalika kawirikawiri pamenepa, poti iwo amalowa ndi imelo ya kwawo, ndipo chilolezo chawo pa chikalata chimakhalabe mpaka munthu atachichotsa ndi dzanja.