Mvula ikavuta, ndi El Niño kapena kusintha kwa nyengo? Nanga tiiyeze bwanji tokha?

Nachisale, Phalombe:

Akuluakulu, ndithandizeni pa zinthu ziwiri. Pa wailesi mvula ikadula amati ndi El Niño, ikagwa yowononga amati ndi kusintha kwa nyengo, ndipo tsiku lina amazitchula pamodzi ngati n'chinthu chimodzi. Kodi n'zofanana? Chachiwiri, kalabu yathu ya alimi ikufuna kumalemba mvula ya m'dera lathu, popeza kuno imatha kugwa mudzi uno n'kudumpha mudzi woyandikana nawo. Chipangizo chogula tilibe. Tingapange chathu chimene manambala ake angadalirike? Ndipo mvula yobzalira ndi mamilimita angati?

A Mbewe, Zomba:

Mayi Nachisale, n'zosiyana, koma zikakumana chaka chimodzi mlimi ndiye amaona zakuda.

Ndiyambe ndi kutentha kwa dziko. Mumpweya umene wakuta dziko lapansi, 78 peresenti ndi nayitrojeni, 21 peresenti ndi okosijeni, ndipo iwiriyi sigwira kutentha. Dzuwa likawomba nthaka ndi nyanja, zimatentha n'kumabweza kutenthako kumwamba. Imene imagwira gawo la kutentha kobwererako ndi mipweya yochepa zedi: nthunzi ya madzi, carbon dioxide, methane ndi nitrous oxide. Ikanapanda kukhalapo, dziko likanazizira mpaka madigiri 18 kunsi kwa ziro m'malo mwa madigiri 15 amene lilipo. Choncho siyoipa payokha, vuto ndi kuchuluka. Mafakitale asanabwere, carbon dioxide anali magawo 280 pa miliyoni. Mu 1958, pamene wasayansi Charles Keeling anayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, anali cha m'ma 315. Pano wadutsa 420, chifukwa chowotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, kupanga simenti komanso kutha kwa nkhalango. Dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, ndipo chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo mwake zimene zinalembedwa.

El Niño ndi wachilengedwe, analipo kale injini zisanabwere. Pakadutsa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, mphepo zimene zimakankhira madzi ofunda a nyanja ya Pacific kumadzulo zimafooka, madziwo n'kufalikira pakati ndi kum'mawa kwa nyanjayo. Akatswiri amalengeza El Niño madzi a kumeneko akatentha ndi theka la digiri kuposa masiku onse kwa miyezi ingapo yotsatizana. Mitambo ya mvula imatsatira madzi ofundawo, ndipo kayendedwe ka mphepo kamasokonekera mpaka kuno. Kumwera kwa Africa kumauma, pamene ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania kumagwa mvula yambiri. Malawi ali pamalire a zigawo ziwirizi, n'chifukwa chake chaka chimodzi chomwecho Nsanje, Balaka ndi kwanuko kumakhala ng'amba pamene Karonga madzi akusefukira. Chilala cha 1991/92, cha 2015/16 ndi cha 2023/24 zonse zinali zaka za El Niño. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

El Niño ali ngati mafunde a mwera, amabwera n'kupita. Kutentha kwa dziko ndi nyanja yeniyeniyo ikukwera pang'onopang'ono, moti funde lomwe lija tsopano limafika pamene kale silinkafika.

Tisamangoloza kusintha kwa nyengo pa chilichonse. Gulu la asayansi ofufuza gwero la ngozi za nyengo la World Weather Attribution litafufuza ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024, linapeza kuti gwero lake lalikulu linali El Niño. Gulu lomwelo litafufuza anamondwe a 2022, kuphatikizapo namondwe Ana amene anawononga damu la Kapichira, linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula yawo. Chifukwa chake n'chodziwika: mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo ikamatsika imatsika yambiri. Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023, amene anakhala moyo masiku 36, simufunika kuuzidwa inu a ku Phalombe.

A Banda, Balaka:

Za chipangizo, n'zotheka, ndipo chikapangidwa mosamala sichisiyana kwenikweni ndi chogula.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Ndiye chiwiya chilichonse chimene kukamwa ndi pansi n'kofanana kukula, chokhala ndi makoma oongoka ndi pansi pafulati, chimakuuzani mvula mukangoyeza kuya kwa madzi ndi rula. Anthu amalakwitsa posankha chiwiya. Ndowa ndi yotambalala kukamwa, yopapatiza pansi, choncho imanamiza kuti mvula inali yambiri. Chitini cha penti kapena cha mkaka waufa chimakhala ndi mlomo wopindikira mkati umene umachepetsa kukamwa, ndiye chimaonetsa mvula yochepa. Dulani mlomowo. Botolo la chakumwa la malita awiri lili ndi mabampu pansi: thiranimo simenti mpaka pamene makoma ayamba kuongoka, ndipo ziro wanu akhale pamwamba pa simentiyo ikauma. Chiwiya chikhale chakuya masentimita 20 kapena kuposerapo, kuti madontho asamadumphire kunja komanso chisamadzaze msanga.

Rula imavuta pa mvula ya mamilimita awiri kapena atatu. Njira yolondola ndi kuyeza madziwo ndi sirinji kapena botolo la mwana lokhala ndi manambala. Yezani kukamwa kwa chitini kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, gawani pawiri, chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, kenako ndi 3.14. Chitini cha masentimita 10 kukamwa: 5 kuchulukitsa ndi 5, kuchulukitsa ndi 3.14, yankho ndi 78.5. Tsopano mamililita amene mwapeza chulukitsani ndi 10, mugawe ndi 78.5. Mukapeza mamililita 200, mvula inali mamilimita 25.5. Werengerani kamodzi, mulembe tebulo pachikuto cha kope, kuti aliyense wa m'kalabu azingoyang'anapo.

Poika pake ndi pofunika kuposa chitinicho. Pakhale pambalambanda, kutali ndi nyumba kapena mtengo mtunda wosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho, kanayi ndiye bwino. Mtengo wa mango wa mamita 8 ndiye kuti chitini chitalikire mamita 16 kapena kuposa. Zipangizo za m'masiteshoni zimakhala pafupi ndi nthaka, kukamwa kuli masentimita 30 kuchokera pansi, chifukwa m'mwamba mphepo imauluza madontho. Pamudzi mbuzi ndi nkhuku sizingalole, choncho mangirirani pa mtengo wozika wa mita imodzi, koma kukamwa kwa chitini kupitirire nsonga ya mtengowo ndipo kusapendekeke.

Muziwerenga 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, n'kulemba pa deti la dzulo lake, kenako kukhuthula. Mukadikira masana, dzuwa la Novembala limamwa gawo la madziwo. Tsiku lopanda mvula lembani 0. Tsiku limene simunawerenge lembani kamzere. Mukasakaniza ziwirizi, kope lidzaonetsa ng'amba imene kunalibe.

Nachisale, Phalombe:

Zikomo kwambiri abambo nonse awiri. Nanga za mvula yobzalira ija? Komanso ena m'kalabu akuti mvula inathawa chifukwa tinadula mitengo m'phiri.

Mayi Nangozo, Lilongwe:

Muyezo umene a zanyengo ambiri amagwiritsa ntchito ndi mamilimita 25 m'masiku atatu, koma ng'amba ya masiku 10 kapena kuposa isatsatire m'masabata oyambirirawo. Gawo loyambalo chitini chanu chidzakuuzani. Gawo lachiwiri chitini sichingalosere, ndiye mverani ulosi wa masiku angapo wa nthambi ya boma yoona za nyengo musanatsegule thumba la mbewu. Mamilimita 25 akagwa mu Okutobala, kawirikawiri chimakhala chizimalupsa chabe, pamene mphepo yachinyontho ya ku Congo ndi mkombero wa mvula wa ITCZ (pamene mphepo za kumpoto ndi za kumwera zimakumana) sizinakhazikike. Mbewu imamera, n'kupsa isanazike mizu.

Nambala yokha musaikhulupirire, tengani khasu mukumbe pamzere. Chinyontho chifike masentimita 15 mpaka 20, ndipo dothi lizigwirana mukalifumbata. Mamilimita 25 ndi malita pafupifupi 100,000 pa ekala, koma akagwa m'theka la ola pa nthaka yogwirana pamwamba, ambiri amathamangira kukhwawa. Timizere topingasa m'makwalala, totalikirana mamita awiri kapena atatu komanso tofupikirapo kuposa mzere weniweni, timawaimitsa kuti alowe pansi. Pa dothi la makande losatsika madzi msanga, tigumuleni mvula ikachuluka, apo ayi chimanga chimachita chikasu.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti mvula ikhoza kukwana mamilimita 500 mpaka 800 amene chimanga chimafuna pa nyengo yonse, zokolola n'kutsikabe chifukwa cha kutentha. Tsiku lotentha, munda umataya mamilimita 5 mpaka 7 kudzera m'nthaka ndi m'masamba, moti mvula ya mamilimita 10 imatha m'masiku awiri. Nthawi yoopsa ndi yomasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu: kukatentha kupitirira madigiri 35 mungu umafa, ndipo chinyontho chikasowa ndevu zimachedwa kutuluka mpaka mungu utatha, chisononkho n'kukhala ndi magweru. Kafukufuku wa David Lobell ndi akatswiri a CIMMYT (bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu), amene anatuluka mu 2011 ataunika minda yoyeserera yoposa 20,000 mu Africa, anapeza kuti digiri iliyonse yopitirira 30 ikakhala kwa tsiku lathunthu imadula zokolola ndi 1 peresenti pamene mvula ili bwino, ndi 1.7 peresenti pa chilala. Choncho chaka cha El Niño, kuchigawo chakumwera, mbewu yocha msanga ndi yanzeru, ndipo feteleza wobereketsa wa urea athiridwe m'nthaka yonyowa n'kukwiriridwa. Pouma komanso potentha, nayitrojeni wake amauluka.

A Mbewe, Zomba:

Za mitengo, anzanuwo akunena zoona mbali imodzi. Chinyontho chambiri cha mvula yathu chimachokera ku nyanja ya Indian ndi ku Congo, choncho kumeta phiri limodzi sikuimitsa mvula ya boma lonse. Ndipo Mmalawi mmodzi amatulutsa carbon dioxide wochokera ku mafuta pafupifupi makilogalamu 100 pachaka, pamene wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Koma phiri likakhala lopanda mitengo, madzi salowa pansi, amatsika nthawi imodzi ndi matope ndi miyala, ndipo zitsime ndi mitsinje zimaphwa msanga m'chilimwe. Zimenezo ndiye zathu.

Kope lanu la chaka chimodzi kapena ziwiri silingatsimikize kuti nyengo yasintha, chifukwa a zanyengo amayerekeza ndi zaka 30. Funsani alangizi a ku EPA yanu ngati ali ndi manambala akale a mvula, muwaphatikize ndi anu. Pa chaka chilichonse tulutsani zinthu zinayi: deti limene mvula yobzalira inayamba, deti limene inasiya, ng'amba yaitali kwambiri ya mu Januwale ndi Febuluwale, ndi masiku amene inagwa yoposa mamilimita 50. Kutalika kwa nthawi pakati pa madeti awiri oyambawo ndi kumene muziyerekeza ndi masiku okhwimira olembedwa pa thumba la mbewu.