Mawu oti "pietas" m'Chichewa tingati chani abale?

Woyambitsa nkhani:
Abale thandizeni, makamaka inu amene munadutsa kuseminale kapena munalawako Latin kusukulu. Mwana wa achemwali anga wapatsidwa asayimenti ya ndakatulo ija ya Virgil, Aeneid, nde wabwera kwa ine poti pakhomo pano amanditenga ngati wowerenga kwambiri kkk. Pali mawu amodzi akundizunguza mutu. Mwini nkhani akumangotchedwa "pius Aeneas", mpaka penapake akudzitchula yekha choncho, ndipo khalidwe lakelo akuti pietas. Dikishonale ikuti wopembedza, woopa Mulungu. Koma woopa Mulungu wanji amene Dido mfumukazi ya ku Carthage yamulandira namondwe atamuswera zombo, yamudyetsa iye ndi anthu ake onse, akhala limodzi nyengo yonse yozizira ngati banja, kenako iye n'kuyamba kukonza zombo mwakabisira kuti azipita? Kwathu ameneyu timati kamberembere. Nde mawuwa amatanthauza chani kwenikweni?

Mkulu wina:
Achimwene dikishonale yakusocheretsani pang'ono. Kwa Aroma pietas sinali nkhani yopemphera kwambiri ayi, inali ngongole imene munthu umabadwa nayo: kwa milungu, kwa makolo ako, kwa ana ako ndi mtundu wako. Taonani buku lachiwiri, mzinda wa kwawo wa Troy ukuyaka moto, Aeneas wanyamula bambo ake okalamba Anchises pamapewa, dzanja lina wagwira mwana wake Ascanius, ndipo timilungu ta pakhomo timene ankati Penates wanyamula ndi nkhalambayo chifukwa manja a Aeneas anali a magazi a kunkhondo, sakanatikhudza asanasambe. Chithunzi chimenecho ndiye pietas yonse. Makolo kumsana, mbewu kudzanja, mizimu ya pakhomo osaisiya. Ine ndikanati "kusataya mtundu", kapena udindo wosakanikirana ndi ulemu. Dzina la apapa lija Pius ndi lomweli, komanso mfumu ya Roma Antoninus Pius yomwe inalamulira 138 mpaka 161 AD.

Mayi wina:
Bambo mwafotokoza bwino koma chithunzi chanucho mwadulapo munthu mmodzi. Mkazi wake Creusa ali kuti? Anamuuza kuti azitsatira m'mbuyo chapatali, nde anasowa mumdimamo, mkuluyo kudzazindikira atafika kale kunja kwa mzinda. Inde anabwerera kukamusaka akufuula dzina lake m'misewu, izo sindikana, koma anakumana ndi mzimu wake basi. Nde muone, woyamba Creusa, wachiwiri Dido. Udindo umenewu bwanji nthawi zonse wolipira ake ndi mzimayi? Komanso Dido sanali mkazi wamasewera, anathawa ku Tyre mchimwene wake Pygmalion atapha mwamuna wake Sychaeus chifukwa cha chuma, anamanga yekha mzinda, analumbira kuti sakwatiwanso, mafumu a kumeneko monga Iarbas anawakana. Wataya zonsezo chifukwa cha mlendo, mlendoyo n'kudzamuuza kuti ine sindinalonjezepo ukwati. Azimayi mawu amenewa timawadziwa, sanayambe lero.

Mkulu uja:
Mayi simukunama, ndipo ndikuona ngati Virgil mwini wake ankafuna kuti zitipweteke choncho. Koma tisaiwale mawu ena apa, fatum. Amachokera ku mneni wotanthauza kulankhula, nde fatum ndi "chonenedwa", chimene chinanenedwa kale ndipo sichibwezedwa. Ife timati zinalembedwa, iwo ankati zinanenedwa. Si mwayi komanso si tsoka, chifukwa mwayi umatha kukuphonya. Ngakhale Juno, mkazi wa mfumu ya milungu Jupiter, yemwe ankadana ndi anthu a ku Troy koopsa, ankangotha kuchedwetsa, osati kuletsa. Aeneas chonenedwa chake chinali kukafika ku Italy kuti mbewu yake idzabale Roma. Atakhazikika ku Carthage mpaka kuyamba kuyang'anira zomangamanga za mzinda wa eni, Jupiter anatuma mthenga wake Mercury kukamukalipira kuti ngati iwe wekha sufuna ulemerero, nanga mwana wako ukumulanda ufumu wake bwanji. Ndiye pomuyankha Dido anati "Italiam non sponte sequor", kunena kuti ku Italy sindikupita mwa kufuna kwanga. Mzere umenewu ndi wodukiza, ndi umodzi mwa mizere imene Virgil anaisiya theka.

Wachinyamata wina:
Kkkk "sikufuna kwanga" ndi ija amanena madolo akapeza viza aise. Koma funso langa, ngati zonse zinanenedwa kale nde Aeneas tikumutamandira chani? Munthu wangokankhidwa ngati wilibala.

Woyambitsa nkhani:
Iwe usatiseketse, koma funso lakolo ndi lomwe mphwanga uja wafunsidwa. Mmene ndikumvera tsopano, chonenedwa chimangonena kumene ulendo ukathere, koma kunyamula katunduyo ndi msana wako. Ndabwerera pa buku lachinayi, ndapeza kuti Dido atamaliza kumulalatira n'kukomoka, Virgil akumutchula pomwepo kuti pius Aeneas, akuti ankafunitsitsa kumutonthoza, akubuula, mtima utasweka ndi chikondi, komabe anabwerera kuzombo. Ndiye kuti dzinali akumupatsa pa nthawi imene akuoneka woipitsitsa. Apa ndiye ndaona kuti "woopa Mulungu" sizikukwana, chifukwa mawu athuwa amamveka ngati munthu wamtendere mumtima, pomwe uyu mtendere alibe olo pang'ono.

Mayi uja:
Kubuula kwakeko kunamuthandiza chani Dido? Anadzibaya ndi lupanga la Aeneas yemweyo pamwamba pa mulu wa nkhuni, atanamiza Anna, mng'ono wake kaya mkulu wake, kuti ndi zamankhwala zoiwalitsa chikondi. Ndipo asanafe anatemberera kuti pakati pa mitundu iwiriyi pasadzakhale chikondi kapena pangano, adzadzuke wolipsira kuchokera m'mafupa ake. Mroma aliyense pomva zimenezi ankaganiza za Hannibal mkulu wa asilikali a Carthage, paja Roma inamenyana ndi Carthage nkhondo zitatu mpaka kuugumula mzindawo mu 146 BC. Malo ake ali ku Tunisia lero, nde nkhaniyi inachitikira pa Africa pompano. Pamene pamandikoma ine ndi buku lachisanu ndi chimodzi, akumana kumanda kwa mizimu, Aeneas akulira akulumbira kuti ndinachoka mosafuna, mayi osayankha olo liwu limodzi, maso pansi, kenako kutembenuka kupita kwa Sychaeus. Anachita bwino.

Mkulu uja:
Muonjezepo ichi pa asayimentiyo. Virgil anabadwa 70 BC kufupi ndi Mantua, anamwalira 19 BC ku Brundisium ndakatuloyi asanaimalize kuisalaza, mabuku 12. Zimanenedwa kuti anapempha kuti iwotchedwe koma mfumu ya Roma Augustus anakana. Ndipo banja la Augustus, a Julii, linkati linachokera kwa Ascanius yemwe dzina lake lina ndi Iulus. Nde mukamawerenga zoti milungu inanena kale kuti Roma idzalamulira popanda malire, mudziwe kuti mfumu yomwe inali pampando nkhaniyi inkaikomera. Koma wolemba wongotamanda boma sakanamulemba Dido mokoma chonchija, mpaka Augustine woyera, mwana wa kumpoto kwa Africa konko, anadzaulula kuti ali mnyamata ankalira imfa ya Dido.

Woyambitsa nkhani:
Zikomo nonse, koma ndamaliza buku la 12 usiku wathawu ndipo mwandibwezeranso pomwe ndinayambira. Turnus, mdani wa Aeneas pa nkhondo ya ku Italy, wagonja, wavulala ntchafu, wagwada, akupempha kuti chitira chisoni bambo anga Daunus okalamba, iwenso unali ndi bambo ngati ameneyu. Pajatu Anchises atamwalira, kumizimu kuja anamulangiza Aeneas kuti Mroma azilekerera ogonja ndi kuthyola odzikuza. Aeneas wayamba kufewa, kenako waona lamba wa Pallas paphewa pa Turnus, mnyamata uja bambo ake Evander anachita kumuikiza m'manja mwake ndipo Turnus anamupha. Basi mkwiyo, lupanga pachifuwa, ndakatulo yathera pomwepo. Nde a kuseminale ndiuzeni, ngongole inali kwa Anchises kapena kwa Evander? Chifukwa zonse ziwiri mwati ndi pietas, ndipo asayimenti akupereka Lachisanu.